Laibulale ya C ya makina ena: kuikonza kuti cross-compiler igwire ntchito

Kompyuta yomwe mukulemberapo ili ndi purosesa ya Intel kapena AMD, mtundu wotchedwa x86_64, koma pulogalamu yanu ikagwira ntchito pa Raspberry Pi, pa rauta, kapena pa kachipangizo kena ka purosesa ya ARM. Kumangira pulogalamuyo pa kachipangizoko n'kotheka, koma kumachedwa, ndipo zipangizo zina zilibe n'komwe malo okwanira compiler, chida chosandutsa zomwe mwalemba kukhala pulogalamu yoti purosesa iyendetse. N'chifukwa chake anthu amagwiritsa ntchito cross-compiler, yomwe imayenda pa makina amodzi koma n'kumatulutsa mapulogalamu a makina ena. Ambiri akaipeza amaona ngati basi zatheka. Amalemba kapulogalamu ka mizere isanu kongolemba "Moni" pa sikirini, ndipo yankho lomwe amalandira ndi `stdio.h: No such file or directory`, kapena `cannot find crt1.o`.

Compiler sinalakwe kanthu pamenepa. Chikusowa ndi laibulale ya C, ndipo laibulaleyi si chiwalo cha compiler ayi. Ndi ya makina omwe pulogalamuyo ikupita. GCC, compiler ya GNU, imadziwa kusandutsa mawu a C kukhala malangizo a purosesa, koma `printf`, `malloc` ndi `fopen` si zake. Pa Linux zimachokera ku glibc kawirikawiri, kapena ku musl, ndipo pa tizipangizo topanda Linux zimachokera ku newlib. Ntchito yonse yagona pa kuika chithunzi cholondola cha makina enawo mu foda imodzi ya pa kompyuta yanu, n'kuonetsetsa kuti compiler ikuyang'ana mu fodayo yokha.

Tikati laibulale ya C tikunena zinthu zinayi, ndipo chilichonse chikasowa chimadandaula mwa njira yakeyake. Choyamba ndi ma header, monga `stdio.h` ndi `stdlib.h`, omwe compiler imawerenga kuti idziwe maonekedwe a function iliyonse ndi kukula kwa mitundu ngati `off_t` ndi `time_t`. Chachiwiri ndi timafayilo toyambitsira pulogalamu: `crt1.o`, `crti.o` ndi `crtn.o`. Pulogalamu siyambira pa `main` monga momwe timaphunzirira koyamba. Imayambira pa `_start`, yomwe ili mu `crt1.o`, ndipo iyoyo ndi yomwe imaitana laibulale kuti ikonze zofunika isanaitane `main`. Timafayilo tina tofanana maina, `crtbegin.o` ndi `crtend.o`, ndi ta GCC, osati ta glibc, choncho uthenga ukatchula dzina la fayilo mudziwiretu mbali yoti mukafufuze. Chachitatu ndi laibulale yeniyeniyo, `libc.so.6` ndi `libc.a`. Chachinayi ndi dynamic loader, kapulogalamu komwe kernel, phata la Linux, imayamba kuitana kuti kalumikize pulogalamu yanu ndi malaibulale ake. Pa ARM ya 64-bit dzina lake ndi `/lib/ld-linux-aarch64.so.1`, ndipo dzinali limalembedwa m'kati mwa pulogalamu iliyonse pa nthawi yoimanga.

Maina atatu omwe amasokoneza mutu

Zida za GNU zimasiyanitsa makina atatu. `--build` ndi makina omwe mukumangirapo. `--host` ndi makina omwe chinthu chomangidwacho chidzayendepo. `--target` ndi makina omwe chinthucho chidzawatulutsire mapulogalamu, ndipo dzinali lili ndi tanthauzo pa zida monga compiler ndi linker (yomwe imalumikiza zidutswa za pulogalamu kukhala fayilo imodzi) zokha. Pomanga cross-compiler, build ndi host ndi kompyuta yanu, pomwe target ndi ARM. Koma pomanga glibc zinthu zimatembenuka: glibc idzayenda pa ARM, ndiye ARM ndi `--host`. Munthu akalemba `--target=aarch64-linux-gnu` pa glibc n'kusiya `--host`, configure, kapulogalamu kokonzekera ntchito yomanga, imatenga compiler wamba ya pa kompyutapo n'kumanga glibc ya x86_64 bwinobwino popanda kudandaula, ndipo vutolo limadzaonekera patsogolo linker ikayamba kukana mafayilo.

Dzina ngati `aarch64-linux-gnu` limanena purosesa (`aarch64` ndi ARM ya 64-bit), kernel ndi laibulale ya C. `aarch64-linux-musl` ndi purosesa yomweyo koma laibulale ina, ndipo zomangidwa ndi ziwirizi sizisakanizidwa. `arm-none-eabi` ndi ya ARM yopanda Linux.

Foda yomwe imasunga chithunzi cha makina enawo imatchedwa sysroot. M'kati mwake muli `usr/include`, `usr/lib` ndi `lib`, monga momwe zilili pa chipangizo chenichenicho. Compiler yomangidwa ndi `--with-sysroot` ikafuna `/usr/include/stdio.h` imayamba yaika dzina la fodayi kutsogolo, choncho siikhudza `/usr/include` ya kompyuta yanu. Kufunika kwake n'kwakuti ma header a x86_64 amatha kudutsa pa compiler ya ARM osadandaula, koma kapangidwe ka zinthu ngati `struct stat` n'kosiyana pa makina awiriwa. Pulogalamu imamangika, ikafika pa chipangizo n'kumawerenga manambala olakwika, ndipo palibe uthenga wokuuzani gwero lake.

Kumanga kuchokera pa chiyambi

Vuto lalikulu pomanga nokha n'lakuti chilichonse chikudikira chinzake. glibc imafuna compiler kuti imangidwe. Imafunanso libgcc, kalaibulale ka GCC komwe kamagwira masamu omwe purosesa singathe ndi langizo limodzi, monga kugawa manambala a 64-bit pa ARM ya 32-bit. Koma libgcc yathunthu, pamodzi ndi libstdc++ ya C++, imafuna ma header ndi mafayilo a glibc. Njira yake ndi kumanga GCC kawiri: koyamba yoperewera, yongokwanira kumanga glibc, kenako yathunthu. Malangizo akale amanena za kumanga katatu, ndi kuika ma header a glibc okha pakati, n'kupanga `libc.so` yopanda kanthu yongonamiza linker. Pa glibc ya masiku ano zimenezo sizifunikanso.

Yambani ndi maina oti muziwagwiritsa ntchito ponseponse:

```
export TARGET=aarch64-linux-gnu
export PREFIX=$HOME/cross
export SYSROOT=$PREFIX/$TARGET/sysroot
export PATH=$PREFIX/bin:$PATH
```

Zonsezi zikhale mu foda yanu ya `$HOME`, ndipo musagwire ntchitoyi ngati root, akaunti yomwe ili ndi mphamvu yosintha chilichonse pa kompyuta. Chifukwa chake chioneka tikafika pa glibc.

binutils, momwe muli assembler ndi linker, siivuta. Ipatseni `--prefix=$PREFIX --target=$TARGET --with-sysroot=$SYSROOT`, kenako `make` ndi `make install`. Osaiwala `--with-sysroot` pano, poti linker nayo iyenera kudziwa za fodayi.

Kenako ma header a kernel. Mu foda ya Linux lembani:

```
make ARCH=arm64 INSTALL_HDR_PATH=$SYSROOT/usr headers_install
```

Onetsetsani dzinalo: kernel imati `arm64`, pomwe zida za GNU zimati `aarch64`. Lamuloli silimanga kernel, limangosefa ma header oyenera mapulogalamu wamba n'kuwaika mu `usr/include/linux` ndi `usr/include/asm`. Kukopera ma header a kernel ndi `cp` m'malo mwa lamuloli n'kulakwitsa, chifukwa ambiri mwa iwo ndi a m'kati mwa kernel mokha. Chitani izi glibc isanamangidwe, chifukwa imafuna ma header amenewa.

GCC yoyamba imafuna GMP, MPFR ndi MPC, zomwe `contrib/download_prerequisites` imakutengerani. Imangireni mu foda yapadera:

```
../gcc/configure --prefix=$PREFIX --target=$TARGET \
  --with-sysroot=$SYSROOT --with-newlib --without-headers \
  --enable-languages=c --disable-shared --disable-threads \
  --disable-multilib --disable-nls
make all-gcc all-target-libgcc
make install-gcc install-target-libgcc
```

`--with-newlib` pano sikutanthauza kuti mukugwiritsa ntchito newlib. Ndi njira youzira libgcc kuti isayembekezere laibulale ya C iliyonse. Ndipo musalembe `make` yokha, chifukwa idzayesa kumanga malaibulale ena a GCC omwe amafuna glibc, n'kugwa ndi uthenga ngati `Link tests are not allowed after GCC_NO_EXECUTABLES`. Uthengawu ukungonena kuti compiler sinakwanitse kulumikiza pulogalamu yoyesera, zomwe n'zoona poti `crt1.o` kulibe.

Tsopano glibc. Iyoyi imakaniratu kumangidwira mu foda ya source yake, imafuna `make` ya GNU, `gawk`, `bison` ndi Python 3, ndipo imakana kumangidwa popanda optimization, choncho musaike `-O0` mu `CFLAGS`.

```
../glibc/configure --build=x86_64-linux-gnu --host=$TARGET \
  --prefix=/usr --with-headers=$SYSROOT/usr/include \
  --enable-kernel=4.19
make
make DESTDIR=$SYSROOT install
```

Pa mizere iwiri ya `--prefix=/usr` ndi `DESTDIR` ndi pomwe anthu ambiri amapunthwa, ndiye tiyeni tikhalepo pang'ono. `--prefix` imanena komwe laibulale idzakhale ikafika pa chipangizo, ndipo njira imeneyi imalembedwa m'kati mwa mafayilo: komwe loader izifufuza malaibulale, komwe kuli ma locale, ndi zina. `DESTDIR` imanena komwe mafayilo aikidwe lero pa kompyuta yanu, ndipo siilembedwa paliponse. Munthu akaganiza kuti achepetse ntchito polemba `--prefix=$SYSROOT/usr`, glibc imamangika, koma imakhala ikufufuza zinthu zake mu `/home/...` ya kompyuta yake, foda yomwe pa chipangizo kulibe. Kulakwitsa kwinako n'koopsa kwambiri. Mukaiwala `DESTDIR` muli root, `make install` imathira mafayilo a ARM mu `/usr/include`, `/usr/lib64` ndi `/lib64` za kompyuta yanu. Pa Linux yomwe imasunga `libc.so.6` yake mu `/lib64`, monga Fedora, nthawi yomweyo ngakhale `ls` imasiya kugwira ntchito. Mukakhala kuti si inu root, lamulolo limangokanidwa ndipo palibe chowonongeka.

`--enable-kernel` imanena kernel yakale kwambiri yomwe laibulaleyi ivomere. Mukaika nambala yoposa ya kernel ya pa chipangizo, mapulogalamu atha kulephera kuyenda, ndipo pa glibc yakale kuposa 2.36 amafa asanayambe ndi mawu akuti `FATAL: kernel too old`. Funsani chipangizocho ndi `uname -r` musanasankhe. Ma header a kernel atha kukhala atsopano kuposa kernel yomwe ikuyenda, zimenezo zilibe vuto. Nambala iyi ndiyo imamanga malire.

Mukamaliza, tsegulani `$SYSROOT/usr/lib64/libc.so` ndi `cat`. Mupeza kuti si laibulale ayi, ndi mawu ochepa olangiza linker, ooneka chonchi:

```
GROUP ( /lib64/libc.so.6 /usr/lib64/libc_nonshared.a
  AS_NEEDED ( /lib/ld-linux-aarch64.so.1 ) )
```

Njira izi zikuyamba ndi `/`, koma linker ikapeza kafayiloka m'kati mwa sysroot imaika dzina la sysroot kutsogolo kwake. Mukangoloza fodayi ndi `-L` m'malo mwa sysroot, linker imawerenga njirazo momwe zilili n'kukatenga `/lib64/libc.so.6` ya kompyuta yanu. Mauthenga a `skipping incompatible`, `file in wrong format` ndi `Relocations in generic ELF (EM: 62)` amabwera fayilo ya makina olakwika ikalowerera chonchi. Nambala 62 ndi chizindikiro cha x86_64, pomwe AArch64 ndi 183.

GCC yachiwiri imangidwe mu foda yatsopano yopanda kanthu. Chotsani `--with-newlib`, `--without-headers`, `--disable-shared` ndi `--disable-threads`, ikani `--enable-languages=c,c++`, ndipo pano `make` yonse iyenda. Musagwiritsenso ntchito foda ya koyamba ija, chifukwa muli mayankho akale a configure onena kuti laibulale ya C kulibe. Chizindikiro chimodzi cha compiler yoperewera ndi `limits.h`: GCC ili ndi yakeyake, yomwe imaitana ya glibc pokhapokha ngati inaipeza pa nthawi yomangidwa. Pulogalamu ikamadandaula kuti `PATH_MAX` siidziwika pomwe `limits.h` mwaitchula, kayang'aneni pamenepo. Kumbukiraninso kuti `libstdc++.so.6` ndi `libgcc_s.so.1` GCC imaziika mu `$PREFIX/$TARGET/lib64`, kunja kwa sysroot, ndiye ngati chipangizo chilibe zakezake muyenera kuzitumiza nokha.

Chipangizo chikakhala kuti chili kale ndi Linux yake

Zonse zili pamwambazi n'zoyenera pamene mukupanga system yonse nokha. Ngati chipangizo chili kale ndi Linux, monga Raspberry Pi OS, laibulale ya C yoyenera ndi yomwe ili pomwepo, ndipo kumanga ina yatsopano kumabweretsa vuto la manambala.

glibc imamata nambala pa function iliyonse. Pulogalamu yomangidwa ndi glibc yakale imayenda pa yatsopano, koma yomangidwa ndi yatsopano siyenda pa yakale. Pa AArch64 nambala yoyambira ndi `GLIBC_2.17`, poti purosesayi inalowa mu glibc pa 2.17 mu 2012. Mu 2021, glibc 2.34 inalowetsa libpthread ndi libdl mu `libc.so.6`, ndipo `__libc_start_main`, yomwe pulogalamu iliyonse imaitana, inalandira nambala yatsopano. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale kapulogalamu ka "Moni" komangidwa pa Ubuntu 22.04, yomwe ili ndi glibc 2.35, kamakanidwa pa chipangizo cha Debian 11, yomwe ili ndi 2.31, ndi mawu akuti `version 'GLIBC_2.34' not found`. Izi zimagwera anthu ambiri omwe aika `gcc-aarch64-linux-gnu` ndi `apt`: phukusili limabwera ndi `libc6-dev-arm64-cross`, yomwe nambala yake imatsata Ubuntu kapena Debian ya pa kompyuta yanu, osati ya pa chipangizo. Kukopera `libc.so.6` yatsopano pa chipangizo si mankhwala ake, chifukwa laibulaleyi ndi loader ziyenera kuchokera ku glibc imodzi, ndipo zikasiyana chipangizo chitha kulephera kuyaka.

Njira yabwino ndi kutenga sysroot kuchokera pa chipangizocho. Ikani `libc6-dev` ndi maphukusi ena a `-dev` pa chipangizo, kenako kokani `/lib`, `/usr/lib` ndi `/usr/include` ndi `rsync -a`, n'kupatsa compiler `--sysroot=` yoloza fodayo. Pali misampha iwiri. Woyamba ndi ma symlink, timafayilo tongoloza ku fayilo ina, omwe njira yawo imayamba ndi `/`. Pa chipangizo, fayilo ngati `libz.so` itha kuloza ku `/lib/aarch64-linux-gnu/...`, ndipo ikafika pa kompyuta yanu imaloza kunja kwa sysroot, komwe kulibe kanthu. Linker ikapeza symlink yoduka imangodutsa mwakachetechete n'kutenga fayilo ya `.a` ngati ilipo, ndiye mumayamba kuona mauthenga achilendo ofuna `-fPIC` kapena ma function osowa. Lamulo la `find $SYSROOT -type l -lname '/*'` limaonetsa ma symlink onse otere, ndipo iliyonse iyenera kusinthidwa kuti iloze m'kati mwa sysroot. Wachiwiri ndi kaikidwe ka Debian kotchedwa multiarch, komwe kamaika mafoda a `bits` ndi `sys` mu `/usr/include/aarch64-linux-gnu`, ndi `crt1.o` mu `/usr/lib/aarch64-linux-gnu`. Compiler yosadziwa kaikidweka imapeza `stdio.h` koma n'kulephera pa `bits/libc-header-start.h`. Ma compiler a Debian ndi Ubuntu amakadziwa. Yomanga nokha ipatseni `--enable-multiarch`.

Pa ARM ya 32-bit pali nkhani inanso. `arm-linux-gnueabihf` imadutsitsa manambala a float mu ma register a VFP, gawo la purosesa lowerengera manambala otere, pomwe `arm-linux-gnueabi` siitero, ndipo mukasakaniza linker imanena kuti fayilo ina `uses VFP register arguments` pomwe inzake ayi. Ma loader awonso ndi osiyana maina: `ld-linux-armhf.so.3` ndi `ld-linux.so.3`. Komanso armhf ya Debian ndi Ubuntu inamangidwira ARMv7, pomwe Raspberry Pi 1 ndi Pi Zero yoyamba zili ndi ARMv6. Kuika `-march=armv6` pa pulogalamu yanu yokha sikukwanira, chifukwa `crt1.o` ndi libgcc za compiler imeneyo ndi za ARMv7, ndipo pulogalamu imagwa ndi `Illegal instruction` kapena `Segmentation fault` isanafike pa `main`.

Zida zomangira nazo zimalowetsa mafayilo a kompyuta yanu mwakabisira. pkg-config ikapanda kuuzidwa imabweza `-I/usr/include/...` za x86_64. Ikani `PKG_CONFIG_SYSROOT_DIR` ndi `PKG_CONFIG_LIBDIR` kuti ziloze mu sysroot. Pa CMake, ikani `CMAKE_SYSROOT`, ndipo `CMAKE_FIND_ROOT_PATH_MODE_LIBRARY` ndi `CMAKE_FIND_ROOT_PATH_MODE_INCLUDE` zikhale `ONLY`, pomwe ya `PROGRAM` ikhale `NEVER`, poti mapulogalamu othandizira pomanga ayenera kuyenda pa kompyuta yanu.

Ena pofuna kuzemba zonsezi amaika `-static`, yomwe imalowetsa laibulale m'kati mwa pulogalamu yeniyeniyo. Pa glibc zimathandiza pang'ono chabe, chifukwa ma function ngati `getaddrinfo` ndi `getpwnam` amakatsegulabe malaibulale a NSS, ofufuzira maina a makompyuta ndi a maakaunti, pulogalamu ikuyenda, ndipo linker imachenjeza za zimenezi. Ngati mukufunadi fayilo imodzi yoyenda pa Linux iliyonse ya purosesa imeneyo, musl ndiyo yoyenera ntchitoyi. Ndi yaing'ono, imamangika m'kanthawi kochepa, ndipo kuyambira pa 1.2.0 mu 2020 `time_t` yake ndi ya 64-bit ngakhale pa makina a 32-bit, zomwe zimapewa vuto la pa 19 January 2038, tsiku lomwe `time_t` ya 32-bit idzasefukire. Pa glibc ya 32-bit zimenezi mumachita kupempha ndi `-D_TIME_BITS=64` pamodzi ndi `-D_FILE_OFFSET_BITS=64`, kuyambira pa 2.34.

Pa tizipangizo topanda Linux, monga ta Cortex-M, sysroot si nkhani yaikulu chifukwa `arm-none-eabi-gcc` imabwera ndi newlib kale. Chosowa kumeneko ndi pansi pake: newlib imayembekeza kuti inuyo mulembe `_write`, `_read`, `_sbrk`, `_exit` ndi anzawo ochepa. Uthenga wa `undefined reference to _sbrk` ukutanthauza kuti `malloc` ilibe woipatsa memory. `--specs=nosys.specs` imaika zongotseka pakamwa linker, koma `printf` siitulutsa kanthu mpaka mutalemba `_write` yotumiza zilembo ku UART, potulukira zilembo pa waya.

Kutsimikiza musanatumize

Musakhulupirire sysroot chifukwa choti pulogalamu yamangika. `aarch64-linux-gnu-gcc -print-sysroot` ikuonetsani foda yomwe compiler ikudziwa. `echo | aarch64-linux-gnu-gcc -E -Wp,-v -` imatchula mafoda onse a ma header motsatana, ndipo `/usr/include` ya kompyuta yanu ikaonekapo, imani kaye mukonze. `-print-file-name=crt1.o` ikabweza dzina lokha lopanda njira, fayiloyo sinapezeke. Pa pulogalamu yomangidwa kale, `readelf -l` imaonetsa mzere wa `Requesting program interpreter`, ndipo `readelf -V` imatchula manambala a `GLIBC_` omwe ikufuna. Yerekezani yaikulu mwa iwo ndi yomwe `ldd --version` ikunena pa chipangizo. `qemu-aarch64 -L $SYSROOT ./moni` imayendetsa pulogalamuyo pa kompyuta yanu pomwepo pogwiritsa ntchito loader ya mu sysroot, koma dziwani kuti ikuyesa ndi laibulale ya mu sysroot, osati ya pa chipangizo.

Mzere wa interpreter uja uyang'anitsitseni. Mukatumiza pulogalamu pa chipangizo, `ls` n'kuiona, koma poiyendetsa shell n'kunena kuti `No such file or directory` kapena `not found`, fayilo yosowayo si pulogalamu yanu. Ndi loader yomwe dzina lake lalembedwa m'kati mwake. Zimachitika mukatumiza pulogalamu ya glibc ku Alpine kapena OpenWrt, zomwe zimagwiritsa ntchito musl ndipo loader yake ndi `/lib/ld-musl-aarch64.so.1`, kapena mukatumiza ya 64-bit ku Raspberry Pi yomwe kernel yake ndi ya 64-bit koma mapulogalamu ake onse ndi a 32-bit. Pa chipangizo chotere `uname -m` imayankha `aarch64` n'kukusocheretsani. Funsani `getconf LONG_BIT` kapena `file /bin/ls`, ndipo sankhani compiler ndi sysroot motsatira yankho limenelo.